Mpira wa m'makoleji ku America: wolipira kanema ayambe wafunsa

Madzulo a Lachinayi pa 31 Ogasiti 2023, mabanja ambiri ku America anali atakhala pansi kudikira mpira pa kanema. Timu ya yunivesite ya Florida inali itapita ku mzinda wa Salt Lake City kukakumana ndi anzawo a yunivesite ya Utah, ndipo anthu anali atatha miyezi yoposa 7 osaona matimu awiriwa akusewera. Nthawi yoyamba itangokwana, m'nyumba zonse zimene zinkalandira kanema kudzera ku kampani ya Charter, imene imachita malonda ndi dzina lakuti Spectrum, zithunzi zinangoti zii. M'malo mwa osewera, pagalasi panatuluka mawu olembedwa onena kuti tchanelo cha ESPN chachotsedwa.

Magetsi sanathime tsiku limenelo ndipo mvula sinasokoneze chilichonse. Anthuwo anali atalipira ndalama zawo za mwezi monga mwa nthawi zonse. Chimene chinachitika n'chakuti Charter ndi kampani ya Disney, imene ndi mwini wamkulu wa ESPN, analephera kumvana pa mtengo. Nyumba pafupifupi 15 miliyoni zinakhala zopanda ESPN mpaka pa 11 Sepitembala. Utah inapambana ndi mapointi 24 kwa 11, ndipo amene sanathamangire kwa mnansi kapena kumalo omwera anangomva nkhaniyo kwa anzawo.

Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti ukamatha, funso limodzi limazunguza mitu m'mabanja a kumeneko okonda mpira wa m'makoleji: kodi ndalama za kanema zipite kwa yani kuti timu yapamtima izioneka Loweruka lililonse? Makampani ogulitsa kanema alipo ambiri, ndipo aliyense amatama katundu wake. Koma munthu amene amayamba ndi kufunsa mtengo, kawirikawiri amagula cholakwika. Choyamba kufunsa n'chakuti timuyo ili m'ligi iti, ndipo ligiyo inagulitsa masewero ake kwa yani. Kuti zimenezi zimveke bwino, nkhani iyambire pa mpira weniweniwo.

Mpira umenewu ndi wosiyana ndi wa miyendo uja umaseweredwa m'midzi ndi m'masukulu kuno. Ndi wotalikirapo ngati papaya, umagwiridwa ndi manja, ndipo osewera amavala zisoti zolimba ndi zotchinjiriza mapewa chifukwa amagwetsana mwamphamvu. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Wofika ndi mpira kumapeto kwa bwalo la adani amapezera timu yake mapointi 6, pamene woumenya ndi phazi n'kuudutsitsa pakati pa mitengo iwiri italiitali amapeza 3. Nthawi yosewera ndi mphindi 60 zogawidwa panayi, koma wotchi imaimitsidwa pafupipafupi moti masewero amodzi amatha maola opitirira 3.

Osewerawo ndi anyamata a m'sukulu za ukachenjede. Masewero oyamba pakati pa makoleji awiri anachitika pa 6 Novembala 1869, pamene Rutgers inagonjetsa Princeton ndi 6 kwa 4. Kuchokera pamenepo chinthuchi chinakula mosaneneka. Bwalo la yunivesite ya Michigan mu mzinda wa Ann Arbor lili ndi malo a anthu 107,601, kuposa kawiri bwalo la Zimpeto ku Maputo. M'zigawo ngati Alabama ndi Nebraska mulibe timu ya ligi yaikulu ya NFL, choncho timu ya yunivesite ndiyo ya aliyense, wopita kusukulu ndi wosapita yemwe. Mwana amaipeza pakhomo makolo ake akuichemerera, naye n'kudzaisiyira ana ake.

Chimene chimapangitsa Loweruka lililonse kukhala lamtengo wapatali ndi kuchepa kwa masewero. Timu imasewera ka 12 kokha kuchokera kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumapeto kwa Novembala. Kenaka m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, matimu amene achita bwino amalimbirana zikho. Munthu akaphonya masewero awiri, wataya gawo limodzi mwa magawo 6 a chaka chake chonse, ndipo chotayikacho sichibwerera.

Kale kunalibe zosankha. Mpira umenewu unaoneka koyamba pa kanema pa 30 Sepitembala 1939 ku New York, pamene Fordham inagonjetsa Waynesburg ndi 34 kwa 7. M'zaka za m'ma 1950 bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, la NCAA, linatenga mphamvu zonse zogulitsa masewero ku kanema. Linkaopa kuti anthu akamaonera kunyumba, m'mabwalo mukhala mopanda anthu. Choncho linkalola masewero owerengeka okha pa mlungu, ndipo timu iliyonse inali ndi malire a maulendo amene ingaoneke. Munthu ankangoimika antena padenga n'kuonera chimene wapatsidwa, osalipira kalikonse.

Mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia sanakondwe nazo. Iwo anati masewero ndi awo, ndipo ali ndi ufulu wowagulitsa okha. Mlandu unafika kubwalo lalikulu la dzikolo, ndipo pa 27 Juni 1984 oweruza 7 anagwirizana nawo, awiri okha ndiwo anakana. Kuyambira tsiku limenelo ligi iliyonse inatha kukambirana yokha ndi eni makanema. ESPN, imene inayamba mu 1979 m'tauni ya Bristol ku Connecticut, inali kale chire ndi ndalama m'manja. Mu 1991 yunivesite ya Notre Dame inayamba kuonetsa masewero ake apakhomo pa NBC payokha. Pambuyo pake maligi anatsegula matchanelo awoawo: Big Ten Network mu 2007, SEC Network mu 2014 ndi ACC Network mu 2019.

Ndalama zogulira masewerowa zinkachokera ku kanema wa chingwe. Kampani yokoka chingwe kufika m'nyumba inkasonkhanitsa matchanelo ambirimbiri n'kuwagulitsa pamodzi ngati mtolo. Pa tchanelo chilichonse kampaniyo inkapereka kwa mwini wake ndalama ya mwezi pa nyumba iliyonse, kaya a m'nyumbamo amachionera kaya ayi. Gogo amene sanaonerepo mpira ankalipirira ESPN chimodzimodzi ndi mnyamata wosachoka pagalasi. Mu 2011 ESPN inkafika m'nyumba pafupifupi 100 miliyoni, ndipo mu mtolo wonse tchanelo chodula kwambiri chinali chimenechi.

Intaneti yamphamvu itafika m'nyumba zambiri, mabanja mamiliyoni anayamba kusiya chingwe. Ambiri mwa ochokawo anali osakonda masewero, ndipo katundu amene ankasenzedwa ndi onse anatsalira okonda mpira. Eni matchanelo amafuna kukweza mtengo kuti akwanitse zimene analonjeza maligi, pamene makampani a chingwe amakana poopa kuthawitsa makasitomala otsalawo. Mkangano wa 2023 uja unachokera pamenepa. Charter inanena poyera kuti inkayembekezera kulipira Disney madola 2.2 biliyoni chaka chimenecho, ndipo inakana kuonjezera popanda kusintha kagulitsidwe kake.

Tsono wofuna kusankha bwino ayenera kudziwa mmene maligi anagawanirana makanema. Mu Ogasiti 2022 ligi ya Big Ten, mmene muli Michigan, Ohio State ndi Penn State, inagulitsa masewero ake a zaka 7 kwa Fox, CBS ndi NBC pa madola oposa 7 biliyoni, kuyambira 2023. ESPN inatsala kunja. Mwa dongosolo limenelo Fox imatenga masewero a 12 koloko masana pa nthawi ya ku New York, CBS a 3:30, ndipo NBC a usiku. Ena amapita ku Big Ten Network ndi FS1. Palinso ochepa amene amaikidwa pa Peacock, kanema wa kampani ya NBC amene amapezeka pa intaneti pokha ndipo amalipiridwa payekha.

Ligi ya SEC, ya kum'mwera kwa dzikolo, mmene muli Alabama, Georgia ndi LSU, inayenda njira ina. Masewero ake aakulu anali pa CBS kuchokera 1996 mpaka 2023, koma kuyambira 2024 onse anapita m'manja mwa Disney, kutanthauza ABC, ESPN ndi SEC Network, kwa zaka 10. Ligi ya ACC inamangana ndi ESPN mpaka 2036, ngakhale kuti mu 2023 masewero ake ena anayamba kuoneka pa The CW. Ligi ya Big 12 inagawa ake pakati pa ESPN ndi Fox. Mpikisano womaliza wopezera katswiri wa dziko lonse, umene unayamba ndi matimu 4 mu 2014 n'kufika pa 12 mu 2024, unagulidwa ndi ESPN, imene inabwereketsako masewero ena oyambirira ku TNT.

Pali lamulo limodzi limene ambiri amaiwala. Masewero amakhala a ligi ya timu imene ikulandira alendo. Pa 14 Sepitembala 2024 Alabama inapita ku Madison kukasewera ndi Wisconsin, imene ili mu Big Ten. Ngakhale kuti Alabama ndi ya SEC, masewerowo anaoneka pa Fox, ndipo inapambana ndi 42 kwa 10. Vuto lina n'lakuti eni makanema amasankha nthawi ndi tchanelo cha masewero ambiri kutatsala masiku 12, mwinanso 6 okha. Mwezi wa Ogasiti munthu amadziwa amene timu yake idzakumane nawo, koma tchanelo chenicheni cha masewero ambiri amachidziwa pafupi ndi tsikulo. Chimene angadziwiretu ndi mayina a makanema amene ligiyo inagwirizana nawo.

Njira zofikitsira makanemawa m'nyumba zilipo zinayi. Yoyamba ndi yakale ija ya antena. ABC, CBS, Fox, NBC ndi The CW zimaulutsidwa mumlengalenga kwaulere, ndipo munthu akagula antena kamodzi salipiranso mwezi ndi mwezi. Masewero ambiri aakulu a Loweruka amakhala pa makanema amenewa. Koma antena sigwira ESPN, FS1 kapena matchanelo a maligi, ndipo kwa okhala kutali ndi mizinda kapena kuseri kwa mapiri chithunzi chimavuta.

Njira yachiwiri ndi ya chingwe, monga Spectrum ndi Xfinity, kapena ya mbale yapadenga, monga DirecTV ndi Dish. Ubwino wake ndi wakuti chithunzi sichidalira intaneti, n'chifukwa chake m'madera akumidzi mbale inagwira msika kwa zaka zambiri. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wolembedwa pa chikalata chokopera anthu kawirikawiri umakhala wa miyezi yoyambirira yokha, ndipo pamwamba pake pamabwera ndalama za dikoda ndi zina zoonjezera. Ogulitsa mbale akhala akumangirira anthu pa mgwirizano wa zaka ziwiri, wofuna kuchoka msanga n'kulipira chindapusa. Matchanelo a maligi nthawi zambiri sakhala mu mtolo wotsika mtengo. Mvula yamphamvu nayonso imadula chithunzi cha mbale, monga mmene eni mbale kulikonse amadziwira.

Njira yachitatu ndi mtolo womwewo koma wobwera pa intaneti. Sling TV inayamba mu 2015 pa madola 20 pamwezi. YouTube TV inayamba mu 2017 pa madola 35, ndipo pofika Januwale 2025 inali pa madola 82.99. Panabweranso Hulu + Live TV ndi Fubo. Apa palibe womangirira mnzake: munthu amalipira mwezi umene akufuna n'kusiya mwezi umene sakufuna. Koma intaneti imalipiridwa payokha ndipo iyenera kukhala yamphamvu. Chithunzi chimachedwako poyerekeza ndi cha antena, moti mnansi amatha kufuula ndi chimwemwe wina asanaone chimene chachitika. Mitoloyi siifanananso m'kati. Mu 2025 Sling inali ndi mitolo iwiri ikuluikulu, wa Orange wokhala ndi ESPN ndi wa Blue wokhala ndi FS1, ndipo CBS munalibe konse. Fubo inalibe TNT.

Njira yachinayi ndi kugula kwa mwini tchanelo mwachindunji. Pa 21 Ogasiti 2025 ESPN inayamba kugulitsa matchanelo ake onse pa intaneti pa madola 29.99 pamwezi, kuphatikizapo SEC Network, ACC Network ndi masewero a pa ABC. Tsiku lomwelo Fox inatsegula Fox One pa madola 19.99, mmene munali Fox, FS1 ndi Big Ten Network. Mu Okutobala chaka chomwecho ziwirizi zinayamba kugulitsidwa pamodzi pa madola 39.99. Masewero a NBC amapezeka pa Peacock, ndipo a CBS pa Paramount+.

Mmene njirazi zimasiyanirana zimaoneka bwino poyerekeza nyumba ziwiri, pa mitengo ya 2025. Nyumba yoyamba ndi ya bambo wa ku Alabama amene safuna china koma timu yake. Masewero onse a SEC ali kwa Disney, ndipo mpikisano womaliza uli kwa ESPN. Akalipira madola 29.99 kwa miyezi 5, kuchokera Sepitembala mpaka Januwale, amawononga madola 149.95. Tsiku limene timu yapita kwa eni a ligi ina n'kuoneka pa Fox kapena CBS, antena imamuthandiza. Bambo yemweyo akanatenga YouTube TV kwa miyezi yomweyo akanalipira madola 414.95, ndipo akanaiwala kusiya chaka chonse akanalipira 995.88. Kusiyana kwa miyezi 5 yokha ndi madola 265, ndalama imene akanaitaya pa matchanelo amene sawatsegula n'komwe.

Nyumba yachiwiri ndi ya ku Ohio. Masewero a Ohio State amwazikana pa Fox, CBS, NBC, Big Ten Network ndi Peacock. Pa 14 Okutobala 2023 timuyi inasewera ndi Purdue, ndipo masewerowo anali pa Peacock pokha. Amene anali ndi chingwe chodula kapena mtolo waukulu wa pa intaneti anayenera kulipiranso pena kuti aone. Ndiye timu ikachita bwino, pamabwera chinanso. Pa 20 Januwale 2025 Ohio State inagonjetsa Notre Dame ndi 34 kwa 23 ku Atlanta n'kukhala katswiri wa dziko lonse, ndipo masewero amenewo anali pa ESPN, kanema amene Big Ten ilibe naye mgwirizano. Munthu amene anasiya ESPN poganiza kuti ligi yake siifuna, anaifuna pa tsiku lalikulu kuposa onse.

Banja la ku Ohio limeneli likaphatikiza ESPN ndi Fox One pa madola 39.99 ndi Peacock, imene mu Julayi 2025 inakwera kufika pa 10.99, limafika pa madola 50.98 pamwezi, n'kudalira antena pa CBS. Lingathenso kuchenjera potenga Fox One miyezi yoyamba, Peacock mwezi umene ikufunika, ndi ESPN kumapeto kokha. Koma m'nyumba mmene bambo amachemerera timu ya Big Ten pamene mayi anakulira ku Georgia, kapena mmene anthu amafuna kuonera kuyambira masana mpaka pakati pa usiku posayang'ana kuti akusewera ndani, kutolera tizidutswa kumatopetsa ndipo ndalama yake imayandikira ya mtolo waukulu. Kwa oterewa mtolo umodzi ndi wabwino. Yankho la nyumba yoyamba silikwanira nyumba yachiwiri, ndipo malangizo a mnansi amathandiza pokhapokha ngati timu yake ili m'ligi yomweyo.

Ngakhale wosankha bwino sali pabwino kwenikweni, chifukwa zimene zinagwera a Spectrum zinabwerezeka. Pa 1 Sepitembala 2024 matchanelo a Disney anazimiririka pa DirecTV kutatsala pang'ono kuti USC ndi LSU ayambe kusewera ku Las Vegas, ndipo anabwerera pa 14 Sepitembala. Kumapeto kwa Okutobala 2025 zinagwera a YouTube TV. ESPN ndi ABC zinasowa kwa milungu iwiri mpaka pa 14 Novembala, ndipo masiku awiri a Loweruka anadutsa nthawi imene mpikisano unali utafika pokoma. Kampaniyo inapereka madola 20 kwa makasitomala opempha ngati chipepeso. Amene anathawa chingwe mu 2023 n'kupita ku intaneti anakumana ndi mkangano womwewo patapita zaka ziwiri.

Si zodabwitsa kuti mikangano imeneyi imaphulika nthawi ya mpira. Mwini tchanelo amadziwa kuti m'miyezi imeneyi kasitomala sangapirire mlungu umodzi, choncho kampani yobweretsa kanema imapanikizika kuvomera. Njovu ziwiri zikamamenyana, umavutika ndi udzu. Chodzitetezera cha munthu wamba chili pawiri. China ndi kupewa mgwirizano wautali, kuti tchanelo chikasowa athe kusamuka tsiku lomwelo. Chinanso ndi kusachotsa antena. Masewero a USC ndi LSU aja anali pa ABC, ndipo amene antena yawo inkagwira anawaona bwinobwino pamene mbale ya mnansi inali chete.

Ndalama zimene mabanjawa amalipira sizithera pagalasi. Zasintha mpira weniweniwo. Ligi ya Pac-12, ya kumadzulo kwa dzikolo, imene mizu yake inayamba mu 1915, inatsegula tchanelo chake mu 2012 popanda mnzake wamphamvu wogwirizana naye. DirecTV sinachitenge mpaka chinatsekedwa mu 2024. Ligiyo italephera kupeza wogula masewero ake pa mtengo wofanana ndi anzake, masukulu anabalalika. Mu 2024 USC, UCLA, Oregon ndi Washington analowa mu Big Ten, Arizona, Arizona State, Colorado ndi Utah analowa mu Big 12, pamene Stanford ndi California analowa mu ACC. Mwa masukulu 12 munatsala awiri, Oregon State ndi Washington State. Chaka chomwecho Texas ndi Oklahoma anasamukira ku SEC.

Zotsatira zake zinagwera osewera ndi ochemerera omwe. Ana a sukulu a ku Los Angeles anapezeka m'ligi imodzi ndi Rutgers ya ku New Jersey, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000. Oklahoma ndi Oklahoma State, oyandikana amene anakumana kwa zaka zoposa 100, anasiyana pambuyo pa masewero a 2023. Wochemerera amene anagula kanema woyenera mu 2023 anapeza kuti mu 2024 timu yake yasamukira ku kanema wina. Mbali ina, osewera amene kwa zaka zambiri ankadzaza mabwalo osalandira malipiro anayamba kuonako kanthu. Kuyambira Julayi 2021 analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito mayina awo pa malonda, ndipo mu Juni 2025 bwalo la milandu linavomereza kuti sukulu iliyonse ingathe kugawira osewera ake ndalama zofika madola 20.5 miliyoni pa chaka choyamba.

Owerenga tsamba lino sali kutali kwenikweni ndi nkhaniyi. Mu 2020 matchanelo awiri a ESPN analowa pa DStv, ndipo mwa zimene anabwera nazo munali mpira umenewu. Masewero oyamba 12 koloko masana ku New York amakhala 6 koloko madzulo kuno m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, ndipo 7 koloko kuyambira kumayambiriro kwa Novembala, pamene a kumeneko amabweza mawotchi awo ndi ola limodzi. A usiku amafika kuno tambala asanalire. Komanso mwini nyumba ya kanema pamsika uliwonse, amene amatolera ndalama pakhomo kuti anthu aone mpira wa ku England kapena ku Portugal, amalidziwa bwino vutoli. Akalipira mtolo wotsika mtengo umene mulibe ligi imene anthu akufuna, mabenchi amakhala opanda anthu ndipo ndalama ya mwezi yapita kale.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kwa banja la ku America kufunsako kumatheka ndi pepala limodzi la mizere 12. Pa mzere uliwonse pamalembedwa tsiku, timu yokumana nayo, amene akulandira alendo ndi ligi yake. Kenaka pamalembedwa makanema amene ligi iliyonse inagwirizana nawo chaka chimenecho, chifukwa za chaka chatha zimatha kusintha. Amene antena ingagwire amachotsedwa pa mndandanda, ndipo otsalawo ndiwo ofunika ndalama. Apa m'pamene mtengo umafunsidwa, pamodzi ndi mafunso ena atatu: kodi mtengowo ndi wa miyezi ingati, kodi wofuna kusiya amalipira chindapusa, ndipo kodi intaneti ya m'nyumbamo ingapirire maola 3 ndi theka osadukiza?

Pansi pa pepalalo pamafunika mzere wina wa 13, wa tsiku losiya. Masewero omaliza amachitika mu Januwale, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumapeto kwa Ogasiti kulibe mpira wa m'makoleji. Makampani a pa intaneti amadula ndalama okha ku banki mwezi uliwonse mpaka mwini wake atawauza kuti aleke. Pa mtengo wa madola 82.99, miyezi 7 ya kuiwala ndi madola 580.93.